Loboti Amene Anandiitanitsa Ankhoswe

1

Dzina langa ndine Etta, ndipo ndikuulula pamaso panu nonse kuti m'chaka cha 2008, ndili mayi wa zaka makumi anayi, wa mvano, wa ukwati wodalitsidwa kutchalitchi, ndinakopeka ndi mwamuna woyendera batire. Musaseke msanga, chifukwa nkhaniyi inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Ilford, m'kafulati ka pamwamba pa shopu ya mafoni. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, shifiti ya m'mawa. Amuna anga, a Bonface, anali mlonda pashopu ina yaikulu ku Wembley, ndipo kukakhala mpira ankakathandizanso kulondolera anthu pasitediyamu. Mwana wathu Luntha tinamusiya ku Zomba kwa achemwali anga, ali kusekondale.

A Bonface si munthu woipa. Vuto lawo ndi pakamwa polemera. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, mawu okoma kwambiri amene ndinamvapo kwa iwo anali akuti, "Mwatseka gasi?" Akafika kunyumba ankavula nsapato, kudya, kukhala pampando wawo, ndipo pasanathe mphindi zisanu mkonono unkayamba.

Amene anabweretsa mayesero ndi Cathrine, mnzanga wa kuntchito. Cathrine anabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye Chichewa chake n'chija chothira Chishona pang'ono. Analinso wosakwatiwa, wa kampata kumano, wooneka bwino mokwiyitsa. Tsiku lina nthawi ya tiyi anandisunthira kabokosi ka zimbale zisanu ndi zitatu.

"Sisi, katengeni mukaonere. Ndi drama ya ku Korea. Koma mugule kaye tissue."

"Ine Chikoreya ndingamve?"

"Pali ma subtitles. Ndipo mukangomuona mnyamata wake, chilankhulo simuchifunanso."

2

Sewerolo linali la mtsikana wina amene bambo ake ankadwala matenda a mgonagona. Achipatala anawatumizira loboti woti azisamalira wodwalayo. Sindikunena maloboti a pamphambano aja ayi, koma makina opangidwa ngati munthu, oyankhula, oganiza okha, otchajidwa kuseri kwa khosi ngati foni. Poyamba ndinangoti uyu ndi mnzanga wa ntchito, chifukwa nayenso ankatembenuza wodwala, kumupukuta ndi kumumwetsa phala. Koma pofika chimbale chachiwiri, lobotiyo anali atayamba kumuyang'ana mtsikana uja mwa mtundu wina, ndipo ine ndinali nditasunthira mpando pafupi ndi TV.

Dzina lake lenileni linkandipinda lilime, choncho ine ndi Cathrine tinkangomutchula kuti Magetsi. Abale anga, mnyamata ameneyo! Nkhope yosalala ngati mbale yatsopano. Mvula ikagwa, ankapezeka pomwepo ndi ambulera, ataipendeketsera kwa mtsikanayo, phewa lake lomwe likunyowa. Chingwe cha nsapato chikamasuka, ankagwada pamsewu n'kumanga. Mtsikanayo akatopa, ankamubereka kumsana mpaka kunyumba. Ndipo akamamuyang'ana sankaphethira n'komwe.

Ndinkaweruka hafu pasiti thuu, kuthamangira basi, kufika n'kukhala pansi yunifolomu ili m'thupi. Nyemba zinapserera kawiri sabata imodzi. Kuntchito ndinamuitana mkulu wina wa ku Jamaica kuti Magetsi, mwamwayi makutu ake anali atapita kale.

Tsiku lina a Bonface akudya, ndinawafunsa.

"Bambo a Luntha, kodi mvula ikamagwa, inu mumaganizako kuti ine ndili pati?"

Anayamba atafuna kaye, n'kumeza.

"Si muli ndi jekete lija?"

Zinandiwawa, ndisaname. Mawa lake kuntchito, nthawi ya tiyi, ndinachita kanthu kena kopusa ndi bolopeni. Ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Pakadali pano ingodziwani kuti pofika madzulo ndinali nditakaiwala.

Patapita masabata awiri ndinamaliza chimbale chachisanu ndi chiwiri. Chinathera poipa, anthu a kufakitale atabwera ndi galimoto yoyera kudzamutenga Magetsi. Ndinatsegula bokosi kuti ndiike chomaliza, koma munalibe. Ndinasaka pansi pa sofa, m'kabati, ngakhale m'firiji. Cathrine analumbira kuti anandipatsa zonse zisanu ndi zitatu. Ndinakhala masiku atatu ngati namfedwa, osadziwa ngati mnyamata wanga ali moyo.

3

Zachilendo zinayamba Lachiwiri lina, kukugwa mvula ya ku London ija yosagwa kwenikweni koma yosalekanso. Nditatsika basi ndinaona bambo wina ataima ndi chiambulera chachikulu, cha anthu osewera gofu. Anali a Bonface.

"Kwachitika maliro?" ndinafunsa, mtima uli m'mwamba.

"Ayi. Ndasinthana shift ndi mnzanga."

Anapendeketsa chiambuleracho mwamphamvu mpaka chinakola mpango wa mayi wina wachimwenye, tinachita kupepesa tonse awiri. Njira yonse ankangonditong'olera maso.

"Maso akuwawa?"

"Ayi."

"Nanga bwanji simukuphethira? Misozi ikutuluka iyo."

Loweruka lake tili pa High Road, pakati pa anthu, ndinangoona munthu wagwada patsogolo panga. Anayang'ana nsapato yanga yakumanja, n'kuyang'ana yakumanzere. Nsapato zanga n'zongopisa phazi, zilibe zingwe. Anangoipukuta ina ndi chikhatho n'kudzuka bondo likulira. Atsikana awiri achizungu anaomba m'manja, ankaganiza kuti ndikufunsiridwa ukwati.

Mpaka apa ndinkangoti mwina ndi BP. Koma Lamulungu ndinaphika nkhuku yolimba ija ya kubutchala ya Asilamu, ndipo monga mwa nthawi zonse nthutumba ndinaika m'mbale mwawo. Inu mukudziwa, nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo, ndipo a Bonface akanatha kukukhululukira chilichonse koma osati kuwadyera imeneyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali ngati akutsanzikana nayo. Kenako anainyamula n'kuika m'mbale mwanga.

"Idya, Etta. Ukakhuta iwe, ine ndakhuta."

Etta! Chibadwire Luntha, dzina limeneli linali lisanatulukenso pakamwa pawo. Bambo anga ondibereka anawapatsapo mayi anga nthutumba kamodzi kokha m'moyo wawo, ndipo sabata yotsatira kunabwera mayi wina wa ku Balaka ndi mwana kumsana, mphuno yake ya bambo anga yeniyeni.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mukuti, iwe Etta, si zomwe unkaonera pa TV zomwezo? Ndikuyankheni. Choyamba, ambulera ikakhala m'manja mwa Magetsi, nyimbo ikulira pansipansi, ndi chinthu china. Ikakhala m'manja mwa bambo wa mimba amene wangokola mpango wa munthu, ndi chinthu chinanso. Chachiwiri, a Bonface sewero lililonse ankaliona mphindi zitatu n'kugona. Chachitatu, nsanje ikalowa m'mutu, nzeru zimatulukira khomo lakuseri. Ine ndinangoona mwamuna amene wachimwa ndipo chikumbumtima chikumudya.

Sabata yotsatira tikudutsa mu Valentines Park, ndinangodandaula pang'ono kuti mapazi akuwawa. Anathamangira kutsogolo kwanga n'kunjuta.

"Kwera ndikubereke."

"Mwapenga? Anthu akuona!"

"Kwera, Etta."

Ine si munthu wochepa thupi, sikelo ya kuntchito imandidziwa. Koma ndinakwera, kufuna kuona kuti tchimo lawo ndi lolemera bwanji. Anaponda kanayi. Kachisanu msana unalira, tonse tinapezeka pakapinga, galu wa mzungu wina akutinunkhiza. Anagona masiku awiri akununkha mankhwala opaka, ndipo ine ndinatsimikiza kuti nkhaniyi si ya chibwenzi wamba, mwina pali kale mimba.

4

Lachinayi linali tsiku lawo lopuma la m'kati mwa sabata, lija ankagona mpaka masana. Koma tsopano ankasamba, kudzola mafuta, n'kunena kuti ali ndi "training". Mlonda wa zaka zisanu ndi chimodzi pakhomo limodzi, akamuphunzitsenso kuima?

Lachinayi lina ndinapempha tchuthi n'kuwatsatira. Anakwera basi, ine ndinakwera yomweyo, n'kukhala pamipando ya pamwamba. Anasintha, ine ndinasintha. Tinafika pamtsinje wa Thames, pamene pantoni yaulere ija imawolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Woolwich. Ndinabisala kuseri kwa vani ya munthu wokonza mapaipi, nditafunda chitenje kumutu kuti ndisadziwike. Lero ndikaganiza, m'pantoni monsemo munthu wofunda chitenje cha mbalame zachikasu ndinali ine ndekha. Koma a Bonface sanacheuke. Anaima kutsogolo ndi kakope m'manja, milomo ikugwedera ngati mwana wokonzekera mayeso.

Titawoloka anadutsa pamsika, n'kukhotera kumafulati ofiira. Njira imeneyo ndinkaidziwa. Ndinakadyako sadza, nsima ya ku Zimbabwe, ndi matemba pa Khirisimasi. Anagogoda pachitseko chobiriwira, ndipo amene anatsegula, akumwetulira ndi kampata kake, anali Cathrine. Patangopita kanthawi, katani ya pawindo inatsekedwa, masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndinagwada pachitseko, mayi wa mvano ine, n'kutukula kachitsulo ka poponyera makalata. Ndinamva mawu a amuna anga.

"Ngakhale dziko lonse litazima, ine ndidzayakabe chifukwa cha iwe."

"Aiwa, baba Luntha," anatero Cathrine. "Mawu atsike pansi. Mundiyang'ane m'maso. Again."

"Ngakhale dziko lonse litazima..."

"Ehee! Mwaona? Mpaka ndamva tsemwe."

"Koma mayi a Luntha asadziwe."

"Sadziwa, ndikulumbira."

Sindinagogode. Ndinabwerera pantoni yomweyo ndikulira poyera, mpaka bambo wina wa ku Nigeria anandipatsa mpango n'kundiuza kuti Yesu akudziwa. Nkhaniyi sindinaifalitse ayi. Ndinangouza amayi awiri a mvano kuti azindipempherera, ndiye mukudziwa kale kuti pofika Loweruka inali itafika ku Luton, tauni ya kunja kwa London.

5

Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, wina ku Ntcheu wina ku Zomba. Koma banja silingayende popanda ankhoswe, ngakhale kunja, ndiye titafika ku London tinabwereka. Mbali ya a Bonface anaimira a Abednego Kamwendo, mkulu wa mpingo, woyendetsa takisi ya minicab. Mbali yanga anaimira mayi Margaret Chisale, nesi wamkulu, munthu woti akakuyang'ana umameza mapilitsi osafunsa.

Anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Sutikesi ya a Bonface ndinali nditailongedza kale, ili pakhomo. Mayi Chisale analamula kuti Cathrine nayenso abwere, ndipo anabweradi, n'kukhala pakampando pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, nkhope ili gwaa. A Bonface anakhala pampando wawo atazolika.

A Kamwendo anapemphera, n'kupukuta magalasi.

"Mayi, tafotokozani. Bambowa akukumenyani?"

"Ayi."

"Ayamba kumwa?"

"Ayi. Anandipatsa nthutumba."



"Yonse?" anafunsa mayi Chisale.

"Yonse, amayi."

A Kamwendo anavulanso magalasi aja. "Pitirizani. Nkhaniyi ndi yaikulu."

Ndinafotokoza zonse: ambulera, kugwada pa High Road, kundibereka, pantoni, katani, ndi mawu ndinamva pachitseko aja. Ndinamaliza n'kunena kuti ine zaka zanga zapita, sindingapikisane ndi kampata kumano, bambowa atenge sutikesi yawo azipita ku Woolwich. Ndinalankhula molimba, koma mumtima ndinkaganiza kuti Luntha ndikamuuza chiyani pafoni.

"A Bonface," anatero a Kamwendo, "mwamva. Ku Woolwich mumakatani?"

A Bonface ankangoyang'ana masokosi awo.

"Achimwene, pano si pashopu panu poti muzingoima. Yankhani."



Cathrine anamenya chikwama chake. "Baba Luntha, mukapanda kutulutsa pepala lija, ndinena ndine. Ine dzina langa lafika ku Luton! Dzulo kushopu ya Tesco mai ena andiyang'ana ngati ndaba mwana."

A Bonface anapuma mozama. Anatulutsa kachikwama ka m'thumba, n'kusololamo pepala lopindidwa kanayi, lofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Nditangoona mtundu wake, wobiriwira motuwa, ndinalizindikira.

6

Tsopano ndikuuzeni za bolopeni ija.

Kuntchito kwathu chilichonse timalemba patchati. Gogo wamwa madzi, chonga. Watembenuzidwa, chonga. Wakana phala, thetha. Dzanja limazolowera, moti munthu umayamba kuona moyo wonse ngati mizere ndi timabokosi. Mawa lake la tsiku lija a Bonface anandiyankha za jekete, ndinatenga tchati chosalembapo, n'kuchitembenuza, n'kujambula mizere. Mbali ina ndinalemba MAGETSI, mbali ina BONFACE. Ndinandandalika zinthu khumi ndi ziwiri. Magetsi ndinamuchonga zonse. A Bonface ndinawathetha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pepala limenelo ndi limene a Kamwendo analitambasula n'kuyamba kuwerenga ndi mawu awo a paguwa.

"Wani. Amabwera ndi ambulera. Thuu. Amamanga zingwe za nsapato. Fili. Amapereka chakudya chake chokoma. Folo. Amatchula dzina langa. Faifi. Akamandiyang'ana saphethira." Anakweza mutu. "Mayi, kulemba uku n'kwanu?"

"N'kwanga."

"Pansi pano palinso mawu. Akanakhala kuti amagulitsa, ndikanakasinthitsa." Anaika pepala pabondo. "Ndiye kuti mlandu watembenuka. Magetsi ameneyu ndi mwana wa ndani? Amapemphera mpingo uti?"

"Si munthu, abambo."

"Ndi chiyani?"

"Ndi loboti."

"Wa ku Ilford konkuno?"

"Wa ku Korea. Wa mu TV."

Cathrine anaphulika kuseka mpaka chikwama chinagwa. Mayi Chisale sanaseke.

"Etta, ine ndasinthitsa shift, ndakwera mabasi awiri, ndabwera kudzakuimira pa mlandu wa chigololo, ndipo wachigololo ndi iwe? Ndi chinthu cha pa charger?"

Cathrine anafotokoza misozi ya kuseka ili m'masaya. A Bonface anapita kwa iye ndi pepalalo kukafunsa kuti Magetsi ndi ndani, atatsimikiza kuti ndi mnyamata wa kuntchito kwathu. Atamva zoona anati, ndionetseni. Kunyumba sakanaonera chifukwa TV ndinali nditaigwira ine, komanso manyazi. Ndiye Lachinayi lililonse ankasolola chimbale chimodzi m'bokosi lija n'kuwoloka nacho mtsinje, Cathrine n'kumaimitsa chimbale kuti iwo akopere mawu a Chingerezi aja m'kakope ndi kuwatembenuzira m'Chichewa. Katani ankatseka chifukwa dzuwa linkawalira pagalasi la TV.

"Ndipo ndi student wovuta, maiwe," anatero Cathrine. "Episode iliyonse ndimachita kuwadzutsa katatu."

Ndinalanda pepala lija kwa a Kamwendo. Pambali pa kuthetha kwanga panali kuchonga kwatsopano, kwa bolopeni yofiira, kwa dzanja la a Bonface, ndi deti pambali pake. Pa "amandibereka ndikatopa" anachonga theka. Mzere womaliza wokha ndi umene unalibe chofiira. Unali wa mawu amodzi: Satopa.

Apa ndi pamene amuna anga anatsegula pakamwa.

"Zinazi ndayesetsa, mayi a Luntha. Zingwe ndikudikira mugule nsapato zina. Koma nambala twelofu yandikanika. Ine ndimatopa. Ndimaima kuyambira seveni mpaka seveni, ndikafika pano miyendo imakhala si yanga. Ndinayesa kumwa khofi, ndinangodwala m'mimba. Ngati n'chimenecho, sutikesi ndinyamula."

Ndinafuna kuti pansi pang'ambike ndigwere m'shopu ya mafoni. Chimene ndinakwanitsa kufunsa n'chopusanso.

"Pepalali munalipeza kuti?"

"M'thumba la yunifolomu yanu."

"Mumapisa m'matumba mwanga?"

"Loweruka lililonse, ku launderette. Mukasiyamo tissue zovala zonse zimatuwa."

Zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse m'mawa ine ndili kuntchito, bambo ameneyu ankasenza chithumba cha zovala kutsika nacho masitepe, kukachapa, kuyanika m'makina, kupinda. Yunifolomu ndinkangoipeza pahang'ala ili yoyera, ngati imadzichapa yokha. Pa mizere yanga khumi ndi iwiri ija, zimenezi panalibe. Ndinalira, ndipo ulendo uno sikunali kulira kwa pa TV.

7

A Kamwendo anatsokomola. "Mwambo wake, sitiweruza mlandu wotere mwamuna winayo tisanamuone. Mulowetseni."

"Chimbale chomaliza chinasowa, abambo," ndinatero ndikufwenthera.

A Bonface anapisa m'thumba la m'kati mwa jekete n'kuchitulutsa, atachikulunga m'pepala la pulogalamu ya kutchalitchi.

"Ndinu munaba? Ine masiku atatu osadya bwino!"

"Ndinaonera kwa a Cathrine mathero ake. Ndinaona kuti mudzalira kwambiri. Ndiye papepala panu simunalembe zoti ndizichita mukamalirira iyeyo."

Tinaonera tonse asanu, makatani otseka. Poyamba a Kamwendo ankangoti ndi ntchito ya unkhoswe, atakhala mowongoka, Baibulo pabondo. Pasanathe mphindi makumi awiri anali atasendera kumapeto kwa sofa.

"Mtsikanayu ndi wa bambo akudwalawo? Nanga wa jekete loyerayu akufuna chiyani? Iwe, usamugwire mwanayo!"

"Abednego, khalani chete tiwerenge," anatero mayi Chisale. Patapita kanthawi anali iwo akukalipira TV. "Drip imeneyo aika molakwika! Nesi wake ndani ameneyu?"

Mathero ake anali awa. Kufakitale kuja anamutsegula Magetsi kuseri kwa khosi n'kufufuta zonse za m'mutu mwake, kenako anamutumiza kukasamalira wodwala wina kumzinda wina. Mtsikana uja anamusaka chaka chathunthu. Tsiku limene anamupeza kunkagwa mvula. Magetsi anali ataima pageti ndi mayi wina, ambulera ataipendeketsa chimodzimodzi, phewa lomwe lija likunyowa, akumuuza mayiyo kuti ngakhale dziko lonse litazima, iye adzayakabe. Mtsikana uja anadutsa pafupi, ndipo Magetsi anamupatsa moni waulemu ngati mlendo.

Cathrine ankalira ngakhale anali ataonera kanayi. Mayi Chisale ankafwenthera m'mpango wa mvano. A Kamwendo anati m'nyumba mwathu heater ndi yotentha kwambiri, imawawitsa maso.

Ine ndinatembenuka kuti ndiwauze a Bonface mawu amene ndinali nditawakonza mumtima, mawu abwino, oposa a m'sewero. Ndinapeza mutu uli chagada, kukamwa kuli yasa, mkonono ukuyamba kutukuka pang'onopang'ono. Dzanja lawo linali litagwira mkono wanga, ndipo sindikudziwa kuti linafika nthawi yanji. Mayi Chisale anafuna kuwagwedeza.

"Asiyeni, amayi," ndinatero. "Atopa."

Chigamulo chinali chachidule. Ndimasule sutikesi ndi manja anga. Ndikapepese Cathrine pamaso pa amayi a mvano, kuphatikizapo awiri opemphera aja, ndipo uthenga ukafike ku Luton pa liwiro lomwe unapitira woyamba. Ndiphikenso nkhuku ya chipepeso Lamulungu lotsatira. Zonse ndinachita. Nthutumba ya nkhuku imeneyo anadya a Kamwendo, ati pofuna kupewa mlandu wina, ndipo potuluka anabwereka zimbale zonse zisanu ndi zitatu kuti akaunike bwino umboni.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene mukuseka kwambiri, sindikuuzani kuti musiye masewero a ku Korea. Ine sindinasiye, ndipo ndamva kuti kukubwera lina la mtsikana wokhala m'kompyuta, limene a Kamwendo afunsa kale kawiri. Mtima wa munthu umafuna kunyengereredwa, ndipo amuna athu ena pakamwa anachita kumata. Zimenezo ndinawauza a Bonface, ndipo masiku ano kamodzi pamwezi amanditchula Etta, nkhope ili kumbali ngati akumeza kwinini.

Koma ngati dzanja lanu likuyabwa kuti mujambule mizere iwiri ngati ine, yambani mwafunsa kuti zovala zanu zimayera bwanji. Ine ndinawerenga zonse zimene makina ankachitira mtsikana wa ku Korea, ndipo sindinaone thumba limene linkatsika masitepe a nyumba yanga yomwe. Mpaka lero ndikakumbukira mawu aja ndinalemba pansi pa pepala, oti ndikanakasinthitsa, manyazi amandigwira, chifukwa munthuyo anawawerenga ataima yekha pakati pa makina ochapira, kenako n'kuchapabe yunifolomuyo.

Pepala lija lilipo, lili m'Baibulo langa. Ndinagula nsapato za zingwe, ndipo anamanga kamodzi, mfundo yake ndinachita kudula ndi sizasi. Zoberekana tinagwirizana kuti theka lija likwanira. Loweruka ndikakhala kuti sindili pa shifiti timapitira limodzi kochapa, iwo thumba, ine ambulera, chifukwa iwo akainyamula anthu a mu Ilford sakhala pamtendere. Makina akayamba kuzungulira amatsamira paphewa langa n'kugona, anthu n'kumatiyang'ana, ine osawadzutsa.

Tsiku lina ndinawapeza ndi bolopeni yofiira ija, akuyang'anitsitsa nambala twelofu. Ndinawalanda bolopeniyo n'kuibisa kumene iwo anabisa chimbale changa, m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi. Mzere umenewo ukadali wosachonga, ndipo ndawauza kuti tsiku limene adzauchonge ndidzaitananso ankhoswe.